Matenda, maliro ndi ukalamba pa moyo wa Mkhristu: mafunso ndi mayankho

Ndine mayi wa Mvano ndipo ndimakhala ku Zingwangwa. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuyenda ndi amayi anzanga kukazonda odwala, kukagona kusiwa ndi kukacheza ndi agogo amene miyendo inawakana kale. Mafunso ali m'munsiwa ena ndinafunsidwa pakhonde tikutsanzikana, ena m'minibasi pochokera ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Ena ndi anga omwe, amene ndinkadzifunsa usiku pa zaka 4 zimene amayi ondibereka anagona m'nyumba mwanga ndi sitiroko. Ndikuyankha monga munthu amene anasinthapo nsalu zonyowa pabedi, Baibulo lili pampando pafupi.

Kodi ndikavomereza kuti matendawa sachoka, ndiye kuti chikhulupiriro changa chachepa?

Ili ndiye funso limene limabwera kwambiri, ndipo limabwera monong'ona, alendo ena atatuluka. Munthu wauzidwa kale ndi adokotala kuti impso zafooka kapena khansa yafalikira, koma aliyense wolowa m'nyumba akumuuza kuti, "Musavomereze, kanani m'dzina la Yesu." Wodwala amangogwedeza mutu. Akatsala yekha amakhala ndi mitolo iwiri, wa matenda ndi wa mantha oti mwina Mulungu akumuona ngati wokayika.

Taganizirani za Paulo. Pa 2 Akorinto 12 akunena za munga umene unali m'thupi mwake. Anapempha Ambuye katatu kuti uchoke, yankho n'kukhala lakuti chisomo chawo chimukwanira. Munga sunachoke. Ameneyu ndi Paulo yemwe uja anauza munthu wolumala chibadwire ku Lustra kuti aimirire, n'kuimiriradi. Yemweyonso analemba kuti Trofimo anamusiya ku Mileto akudwala. Elisa, amene Namani anachira khate pa mawu ake, anamwalira ndi nthenda (2 Mafumu 13:14). Ndani angaimirire n'kunena kuti anthu amenewa analibe chikhulupiriro? Ku Getsemane Ambuye Yesu anapempha kuti chikho chiwapitirire, m'pemphero lomwelo n'kunenanso kuti kufuna kwa Atate kuchitike. Zonse ziwiri zinatuluka pakamwa pamodzi.

Ine chaka choyamba ndinakana. Mnzanga wina anandiuza kuti ali ndi njinga ya olumala imene ankayendera malemu apongozi ake, ndikatenge. Ndinamuyankha kuti amayi ayenda ndi miyendo yawo, njinga m'nyumba mwanga silowa. Ndinkaona ngati kuilandira n'kuuza Mulungu kuti walephera. Chaka chathunthu amayi anakhala kuchipinda, dzuwa akuliona pawindo. Tsiku limene ndinakaitenga njingayo, tinawatulutsa n'kuwaimika pansi pa mtengo wa mango. Anayang'ana phiri la Soche nthawi yaitali, kenako ndi pakamwa pawo popotoka paja anafunsa kuti, "Kodi mango anatha kale?" Ndinalowa m'nyumba kukalira. Nyengo yonse inawadutsa chifukwa cha kuuma mutu kwanga kumene ndinkakutcha chikhulupiriro.

Kuvomereza kumene ndikunena n'kumeneku: kuona matenda mmene alili lero, kuchita zimene lero likufuna, n'kumapempherabe. Sindinaleke kupempha kuti amayi achire mpaka tsiku lomaliza.

Ndinalakwa chiyani kuti zimenezi zigwere ine?

Ophunzira anafunsa zomwezi ataona munthu wosaona chibadwire: anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake? Yesu anati palibe mwa iwo (Yohane 9). Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kufunsa ngati anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Anayankha yekha kuti ayi.

Ife a ku Blantyre ndime imeneyi sitisowa wotimasulira. Mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Dziko lonse la Malawi linataya anthu oposa 1,000. Nyumba ina inapita, yoyandikana nayo n'kutsala. Munapita amayi a Mvano, amayi a Dorika, Asilamu, makanda osadziwa ndi dzina lawo lomwe. Madzi amatsata potsetsereka basi. Ndinamva ndi makutu anga munthu akulalikira kuti chinali chilango cha machimo a m'deralo, pamaso pa bambo amene anali asanapeze thupi la mwana wake. Nkhope ya bambo uja ndimaikumbukirabe.

Zilipo zina zimene timadziitanira, monga chiwindi chowonongeka ndi kachasu. Ngakhale pamenepo, wodwalayo mlandu wake amaudziwa kale mumtima. Chimene akusowa ndi womugwira mkono popita kuchipatala.

Ndinapemphereredwa ndipo ndikupeza bwino. Ndisiye mankhwala?

Ayi, musasiye. Apa ndilankhula mosapsatira chifukwa ndaperekezako maliro amene sakanachitika.

Mlongo wanga anatisiya kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imene Edzi inkalowa khomo ndi khomo, okhoma mabokosi atachuluka m'mbali mwa misewu. Masiku amenewo tinkagwada kupempha kuti mankhwala apezeke. Mu 2004 boma linayamba kupereka ma ARV aulere, ndipo anthu amene tinkawanyamula pamsana anadzuka n'kubwerera kuntchito. Mlongo wanga sanafikeko. Ndiye lero ndikamva kuti wina wataya botolo m'chimbudzi chifukwa mneneri wanena, ndimaona ngati akutaya yankho la mapemphero amene amayi athu anagwadira.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza ambiri. Munthu akamamwa ma ARV mokhulupirika, kachilombo kamachepa m'magazi mpaka makina oyezera kuchuluka kwake osakaona. Sikuti katha. Kabisala, ndipo mankhwalawo ndi amene akukapanikiza. Mukasiya kamaswananso, nthawi zina mankhwala akale aja osagwiranso ntchito. BP nayonso ndi yachinyengo, munthu amayenda bwinobwino mpaka tsiku limene imamugwetsa. Amayi anga anasiya mapiritsi awo chifukwa ankati akupeza bwino. Mankhwala a TB ndi a miyezi 6 ngakhale chifuwa chitasiya m'mwezi wachiwiri.

Paulo amamutchula Luka kuti sing'anga wokondedwa. Mulungu atawonjezera Hezekiya zaka 15, Yesaya analamulabe kuti aike nkhuyu pachotupa. Akhate 10 aja Yesu anawauza kuti akadzionetse kwa ansembe, amene masiku amenewo ndiwo ankatsimikizira kuti khate latha. Ngati mwachiradi, kuyezetsa sikungakulandeni machiritso. Pitani, adokotala anene okha.

Akundiuza kuti ndifese mbewu ya ndalama kapena ndigule mafuta odzozera kuti mwana wanga achire. Nditani?

Ndalamayo mugulire mwanayo chakudya ndi kulipirira ulendo wa kuchipatala. Simoni wamatsenga uja atafuna kugula mphatso ya Mulungu, Petro anamudzudzula koopsa (Machitidwe 8). Yesu potuma ophunzira kukachiritsa anawakumbutsa kuti analandira kwaulere, apereke kwaulere. Yakobo 5 akuti wodwala aitane akulu a mpingo amupempherere n'kumudzoza, ndipo palibe mtengo wotchulidwa pamenepo. Pemphero lokhala ndi mtengo lithaweni.

Adokotala atiuza kuti palibenso chimene angachite, tikamusamalire kunyumba. Timuuze wodwalayo?

Poyamba, mawu akuti palibe chochita ali ndi malire. Kuchiritsa kungakhale kwakanika, koma kuchepetsa ululu n'kotheka. Ku Gulupu kuli Tiyanjane, kumene amathandiza akuluakulu odwala matenda osachiritsika, ndi Umodzi, kumene amathandiza ana. Funsani za kumeneko musanatuluke. Kuli mankhwala amphamvu opha ululu monga mofini wamadzi. Ena amawaopa, amati amafulumizitsa imfa, n'kumusiya munthu akubuula usiku wonse. Akamwedwa pa mlingo umene achipatala anena, amamupatsa munthu mpata wogona, wodya pang'ono ndi wolankhula ndi ana ake. Palibe mphotho kumwamba ya kumva ululu umene ukanatha kuchepetsedwa.

Za kumuuza. Mwambo wathu ndi wobisa. Timati akadziwa ataya mtima, ndiye timalowa kuchipinda ndi nkhope zosekerera, tikatuluka n'kumalira kuseri kwa bafa. Koma odwala ambiri amene ndakhala nawo pafupi amakhala akudziwa kale. Thupi ndi lawo. Amaona achibale akutali akufika mmodzimmodzi popanda chifukwa. Amangokhala chete pofuna kutiteteza ife, ife tili chete pofuna kuteteza iwo, masiku n'kumatha, mawu ofunika osanenedwa.

Sindikunena kuti mulowe n'kumuponyera nkhani ngati mwala. Yambani ndi kufunsa: "Ababa, inuyo mukuona bwanji mmene thupi likuyendera?" Akafuna kudziwa, auzeni zoona, pang'onopang'ono. Akasintha nkhani, alemekezeni, mudzafunsenso tsiku lina. Hezekiya anauzidwa kuti akonze za pa banja lake. Yakobo anaitana ana ake onse n'kulankhula kwa aliyense asanatsirizike, ananenanso kumene akaikidwe. Munthu ali ndi wina woti amukhululukire, ngongole yoti aulule, munda woti anene mwini wake.

Kulemba wilo sikuitana imfa. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu, komabe ndaonapo mafiriji ndi mipando zikukwezedwa pa lole maliro asanathe sabata. Pepala lolembedwa bwino, losainidwa pamaso pa mboni ziwiri, limateteza ana anu pamene inu simungathenso kuwalankhulira.

Ndine gadiyani ndipo ndatopa. Nthawi zina ndimalakalaka zitangotha. Kodi ndachimwa?

Amene anandifunsa funso ili anali mtsikana wa ku Bangwe, wosakwana zaka 30, amene anadikirira azakhali ake m'chipatala miyezi iwiri. Usiku ankayala chitenje pansi pafupi ndi bedi. M'mawa kuchapa, kuphika phala, kuthira mu fulasiki, kuwamwetsa ndi supuni, kuwatembenuza kuti asachite zilonda za kumsana, kukataya za m'beseni. Geni yake ya tomato inali itagwa kale. Atandifunsa anabisa nkhope m'manja ngati waulula kupha munthu.

Ndinamuuza kuti inenso ndinaganizapo chimodzimodzi. Usiku wina, chaka chachitatu, amayi anadzionongera kachitatu ndipo madzi anali atasiya kutuluka pampopi. Ndinakhala pansi pakhonde n'kunena mokweza kuti, "Ambuye, mpaka liti?" Mawu amenewo ali m'Masalimo 13. Mose anauza Mulungu kuti sangathe kusenza anthu aja yekha, akumulemera. Eliya anagona pansi pa kamtengo n'kupempha kufa, ndipo mngelo sanamulalikire. Anamupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agonenso.

Kutopa si kudana naye wodwala. Ndi thupi likukuuzani kuti mutu umodzi susenza denga. Itanani abale mukhale pansi, mugawane masiku. Apa ndili ndi mawu kwa abambo: kutumiza ndalama pa foni n'kwabwino, koma sikulowa m'malo mwa usiku umodzi wokhala pambali pa bedi kuti mlongo wanu akagone. Mwana wamwamuna angathe kunyamula bambo ake kupita nawo kubafa, angathe kuwameta, angathe kuchapa bulangete. Ndipo ife a kumlaga ndi kumphakati, tikapita kukazonda tizimuyang'ananso gadiyani m'maso n'kumufunsa ngati wadya.

Pamaliro amatiuza kuti Mkhristu salira. N'zoona?

Vesi lalifupi kwambiri limene ana a Sande sukulu amathamangira kuloweza likuti, "Yesu analira." Analira pamanda a Lazaro akudziwa kuti posachedwa amuukitsa. Abrahamu analira Sara. Aisraeli analira Mose masiku 30. Anthu opembedza anaika Stefano n'kumulira kwambiri. Pa 1 Atesalonika 4:13 Paulo sakuletsa kulira, akungoti tisalire monga anthu opanda chiyembekezo. Lirani, amayi. Lirani, abambo, inunso muli ndi misozi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi za pambuyo pake. Maliro kwathu kuno timawadziwa. Makwaya amachezera kusiwa, amayi amasonkha moto, adzukulu amakumba, chipepeso chimawerengedwa. Patapita masiku atatu tenti yachotsedwa, mipando yabwezedwa kutchalitchi, achibale akwera basi ku Wenela. Namfedwa watsala ndi nsapato za malemu pansi pa bedi. Chisoni chenicheni chimayamba pamenepo, ndipo ndi pamene ife timasiya kubwera. Akalira mwezi wachitatu timayamba kumuuza kuti, "Limbani mtima, zinapita zimenezo."

Chisoni chilibe kalendala. Chimabwera pa Khrisimasi, chimabwera mukamva nyimbo imene ankaikonda, chimabwera mu msika mukaona usipa umene munkamugulira. Koma ngati miyezi ikudutsa munthu sakudya, sakugona, sakusamba, kapena wayamba kunena zodzipha, musamangomupempherera n'kuchoka. Khalani naye, mupite naye kuchipatala. Matenda a maganizo ali ndi chithandizo monga ena onse.

Ndinapita padera, ndipo palibe amene akutchulapo. Kodi ndili ndi ufulu wolira?

Muli nawo. Kwathu mwana wopitirira kapena womwalira atangobadwa amaikidwa mwakachetechete ndi amayi achikulire, popanda nyimbo, ndipo mayi amauzidwa kuti asalire, adzabereka wina. Amatero pofuna kumulimbitsa mtima. Koma ndakumanapo ndi agogo a imvi amene amawerengabe zaka za mwana amene sanamuyamwitse. Davide mwana wake wakhanda atamwalira anati iye adzapita kwa mwanayo, ngakhale mwanayo sadzabwerera kwa iye. Anamuwerenga ngati munthu. Pemphani abusa kapena mayi mmodzi amene mumamukhulupirira adzapemphere nanu kunyumba, inu ndi amuna anu, poti nawonso ataya mwana.

Ndamukwiyira Mulungu. Ndikagwada mawu sakubwera.

Muuzeni zomwezo. Naomi atabwerera ku Betelehemu, mwamuna ndi ana awiri ali m'manda, anauza amayi anzake kuti asamutchenso Naomi koma Mara, chifukwa Wamphamvuyonse wamuchitira zowawa. Masalimo 88 akuyamba ndi kulira, akutha ndi mdima, popanda aleluya pamapeto, komabe ali m'Baibulo. Yobu anadandaula machaputala ambirimbiri, ndipo pomaliza amene Mulungu anawadzudzula ndi anzake aja amene ankamuikira Mulungu kumbuyo ndi mayankho okonzakonza. Pamtanda penipeni Ambuye anafuula kufunsa chifukwa chimene Mulungu wawasiyira.

Mwana amene akulira akumenya pachifuwa cha mayi ake adakali m'manja mwa mayi akewo. Mawu akakana, khalani chete pamaso pake. Aroma 8:26 akuti Mzimu amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka. Ine panali miyezi imene pemphero langa lonse linali Pemphero la Ambuye, kulinena pakamwa chabe mtima uli gwa. Kutchalitchi ndinkapita n'kukhala kumbuyo, ena akuimba m'malo mwanga.

Ndikapita kukazonda wodwala kapena kukapepesa, ndinene chiyani?

Zochepa. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 oyamba, pamene anakhala naye pansi osanena kanthu. Zinayamba kulakwika atatsegula pakamwa.

Musasimbe za uje amene anadwala chimodzimodzi n'kumwalira. Musafunse kuti, "Kodi mwayesako kwina?" chifukwa tonse tikudziwa kwinako n'kuti, ndipo funso limenelo ladanitsa mabanja. Kwa mayi amene waika mwana musanene kuti Mulungu anafuna duwa m'munda mwake. "Pepani" ndi wokwanira. Pemphero likhale lalifupi, wodwala satha kupirira ulaliki wa ola lathunthu m'chipinda chotentha. Ndipo musafunse kuti, "Tikuthandizeni chiyani?" poti ayankha kuti palibe. Yang'anani nokha. Ndowa ili gwa, katungeni madzi. Makala atha, bweretsani. Zochapa zaunjikana, pindani manja a bulauzi.

Agogo ayamba kuiwala, amatuluka usiku, tsiku lina anapezeka ali maliseche pa msewu. Anthu akuti ndi mfiti yagwa. Titani?

Nkhani iyi imandiwawa kuposa zonse. Pali matenda a ubongo amene amagwira okalamba ena, achipatala amati dementia. Munthu amayamba kuiwala pamene waika ndalama n'kumanena kuti mwamubera. Kenako amaiwala mayina a ana ake, amasokoneza usiku ndi usana, amanyamuka kufuna "kupita kwathu" akunena mudzi umene anachokako zaka 50 zapitazo. Amavula chifukwa waiwala ntchito ya zovala. Mukamuzinga n'kumufunsa mokalipa kuti, "Mumatamba eti?" angathe kuvomera, poti sakumvanso funsolo. Maso ofiira amene anthu amaloza ndi a utsi wa nkhuni umene anapirira akutiphikira.

Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba 4 a banja limodzi powaganizira kuti ndiwo anachititsa mphezi imene inapha mtsikana. Nkhani zotere sizinathe. Lamulo la ufiti la mu 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma Mkhristu asadikire apolisi kuti amukumbutse. Levitiko 19:32 akuti tiimirire pamaso pa aimvi. Lamulo lachisanu lilibe mawu akuti lemekeza atate ako ndi amako pokhapokha nzeru zawo zili bwino. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Chochita ndi ichi. Pitani nawo kuchipatala, makamaka ngati kusokonezekako kwayamba mwadzidzidzi, chifukwa nthawi zina ndi malungo, shuga kapena matenda a m'chikhodzodzo, zimene zimachizika. Uzani anansi, amfumu a m'dera ndi a kumpingo zisanachitike, kuti akadzawaona pa msewu adzawabweze m'malo mowasonkhanira. Sokererani kansalu kolembedwa nambala ya foni yanu m'kati mwa malaya awo. Musakangane nawo. Akati akufuna kupita kwa amayi awo amene anamwalira kalekale, afunseni kuti amayiwo ankaphika chiyani. Ndaona agogo amene samudziwanso mwana wawo woyamba, koma mukayambitsa nyimbo ya m'buku amaimaliza mavesi onse osaphonya.

Ndakalamba, maso sakuona, kutchalitchi sindifika. Ndangokhala mtolo kwa ana. Mulungu akundisungiranji?

Agogo, funso lanu ndalimva kwa ambiri, ndipo sindilipeputsa. N'zowawa kwa munthu amene ankalima, kusenza ndi kulera ana 8 kuti lero adikire mdzukulu amutsogolere kuchimbudzi. M'tauni muno n'zowawa kawiri: ana amalawirira kuntchito, zidzukulu kusukulu, geti n'kutsekedwa, inu tsiku lonse muli nokha ndi wailesi. Kumudzi bwenzi wodutsa akukupatsani moni.

Baibulo silibisa za ukalamba. Mlaliki 12 akufotokoza manja onjenjemera, mano otha ndi maso ochita mdima. Barizilai ali ndi zaka 80 anakana kupita kunyumba ya mfumu Davide, anati samvanso kukoma kwa chakudya ngakhale mawu a oimba, amulole abwerere akafere kwawo pafupi ndi manda a makolo ake. Sananamizire unyamata. Petro anauzidwa ndi Yesu kuti akadzakalamba adzatambasula manja, wina n'kumumanga m'chiuno, kupita naye kumene safuna. Kutambasula manja kuti wina akuvekeni ndi phunziro lovuta kuposa kupereka. Inu munasambitsa anawo zaka zambiri osawawerengera. Aloleni abweze, musawamane dalitso limenelo.

Ndipo ntchito ilipo. Anna anali wokalamba kwambiri pamene anaona khanda Yesu m'Kachisi, ntchito yake inali kupemphera usiku ndi usana. Ndikudziwa gogo wina wa ku Ndirande amene kale ankayenda pansi kupita kutchalitchi cha St Michael's Lamulungu lililonse. Lero satuluka, koma ali ndi mayina amene amawatchula m'mawa uliwonse, ndipo atsikana a m'dera akasemphana ndi amuna awo amathera pamkeka pake. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pa Yesaya 46:4 Mulungu akulonjeza kutinyamula mpaka imvi.

Kwa ife a mpingo: munthu amene anapereka chakhumi zaka 40 asaiwalike chifukwa sakuonekanso pa benchi. Abusa ndi akulu a mpingo apite ndi Mgonero kunyumba. Akatolika amapititsa Ukaristia kwa odwala ndipo ali ndi sakramenti la kudzoza odwala, limene si la munthu wotsirizika yekha. Achibale, itanani, musadikire kuti mpingo ulote.

Kodi tikachita maliro osalira zambiri ndiye kuti sitinamukonde?

Ayi. Ndaona mabanja akutenga katapila kuti agule bokosi lonyezimira ndi kubwereka magalimoto opita ku Thyolo kapena ku Ntcheu, mwezi wotsatira ana a malemu n'kubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ndaonanso munthu amene ankasowa wobweretsa paketi ya shuga akudwala, pamaliro ake nkhata n'kusowa poika. Muikeni mwaulemu monga mwa mphamvu zanu. Chiliza chidikire.

Nanga inuyo, munafika povomereza?

Masiku ena inde, masiku ena ayi. Amayi anatisiya m'bandakucha, mwezi wa Juni, kukuzizira. Usiku umenewo ndinawapaka mafuta m'mapazi monga mwa masiku onse, n'kuwawerengera Masalimo 23. Sankalankhulanso, koma nditafika pa chigwa cha mthunzi wa imfa anandifinya chala ndi dzanja lawo labwino lija. Ndinagona pampando. Nditadzidzimuka anali atapita, bulangete lili mmene ndinawafunditsira.

Kwa milungu ingapo ndinkadzukabe 4 koloko kutereka madzi owasambitsira, ndikakumbuka madzi atatentha kale. Njinga ija inakhala pakona miyezi isanu, sindinkafuna wina aikhudze. Kenako tinamva kuti bambo wina wa ku Chilobwe wagwa ndi sitiroko. Ndinaipukuta, ndinapopetsa matayala, n'kuikweza pa minibasi. Mkazi wake atatsegula chitseko anaiyang'ana n'kunena kuti, "Zikomo amayi, koma abambo ayenda, sitikuifuna." Ndinamupempha kuti ingokhala pakhonde, ndipo ndinakhala naye pansi mpaka dzuwa linapendeka.